"Banja lili kuti?": mmene ndinavutikira kupeza chipinda cha lendi ku Mzuzu

Ndinafika ku Mzuzu kumayambiriro kwa Meyi 2022 nditanyamula chikwama chimodzi, bulangete ndi kalata yondiitana ku ntchito. Kwathu ndi ku Dedza, ndipo kumpoto ndinali ndisanapondeko chibadwire. Basi inanyamuka m'mawa ku Lilongwe, tinadutsa Kasungu ndi Jenda, kenako tinalowa m'nkhalango ya Chikangawa muli chifunga choti dalaivala ankayendetsa ngati tikuperekeza maliro. Pofika pa depoti kunali kutada, kukuwaza kamvula kosakata. Ine wa ku Dedza ndinkadzitama kuti kuzizira ndimakudziwa, koma kuzizira kwa Mzuzu n'kwina, n'konyowa, kumalowa m'zovala mpaka m'mafupa.

Ntchito ndinaipeza pa shopu ina ya m'tauni yogulitsa simenti, malata ndi misomali. Malipiro anali K110,000 pamwezi. Ndili kumudzi ndinkaona ngati ndalamayi ikwana: K20,000 ya lendi, ina ya chakudya, ina yotumiza kwa amayi. Ndisanalandire ndi malipiro oyamba omwe, kumapeto kwa Meyi yemweyo kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti. Sopo, shuga ndi mafuta ophikira zinakwera m'masiku ochepa, masamu anga onse n'kufera pomwepo.

Ndinafikira kwa mnzanga wa kwathu amene tinaphunzira limodzi kusekondale. Ankakhala ku Chibavi ndi mkazi wake ndi mwana, m'nyumba ya chipinda chimodzi ndi pabalaza. Ndinamuuza kuti, "Achimwene, masabata awiri okha, ndikangolandira ndipeza panga." Ndinkayala mphasa pabalaza onse akalowa kukagona, m'mawa n'kuipinda mwana asanadzuke. Masabata awiri aja anasanduka khumi ndi anayi. Alamu anga ndi munthu wabwino, sanandinenepo mawu oipa, koma pofika mwezi wachiwiri ndinayamba kumva kunong'ona kuchipinda usiku, ndipo m'mawa uliwonse moni ankatsagana ndi funso: "Alamu, za nyumba zija zikuyenda bwanji?" Cholakwa changa n'choti mwezi wonse woyamba sindinagule kanthu. Ndinkadya nsima yawo, kusamba madzi otenthetsa ndi makala awo, ndalama yanga ndikusungira lendi. Mukafikira kwa munthu, gulani thumba la makala ndi ufa sabata yoyamba yomwe, asanayambe kukuwerengerani mitanda ya nsima. Ndipo musalonjeze masabata awiri. Nenani miyezi iwiri, mukachoka msanga akuyamikani.

Kusaka ndinkachita Lamlungu masana, popeza masiku ena onse ndinkaweruka kutada. Ndinayenda wapansi Chibavi, Chibanja, Chiputula, Katawa, Zolozolo mpaka Mchengautuwa. Zipinda zotchipa sazilemba pa chikwangwani. Umafunsa pa okala, kwa amayi otunga madzi pa kiosiki kapena kwa anyamata a njinga za kabaza, zija kuno amati sakaramento. Akakulozera, umapita pakhomopo n'kuodira. Mwini nyumba amatuluka, kukupatsa moni m'Chitumbuka, akamva kuti ukupunthwa amasinthira ku Chichewa popanda vuto. Zonse zimayamba bwino. Amakuonetsa chipinda, kukuuza mtengo, kenako funso limabwera.

"Mulipo angati?"

"Ndili ndekha, mayi."

"Banja lili kuti?"

"Sindinakwatire."

Apa nkhope imasintha. Ena ankati afunse kaye abambo akabwera, ena ankakumbukira mwadzidzidzi kuti pali wina anasiya kale ndalama dzulo. Mayi wina ku Chibanja, chipinda chimene anali atangondiuza kuti ndi K18,000, anati kwa munthu wosakwatira ndi K25,000 ndipo ndipereke ya miyezi inayi nthawi imodzi. Ndinkalemba m'kabuku makomo amene ndapita. Pofika kumapeto kwa Juni anali 14, ndipo pa makomo asanu ndi anayi chipinda ndinachiona ndi maso anga chili chopanda munthu.

Poyamba ndinkaganiza kuti akundikana chifukwa ndine wa m'chigawo chapakati. Maganizo amenewa anandidya mumtima masabata angapo, mpaka nditadandaulira mnyamata amene tinkanyamula naye simenti kuntchito, wa ku Rumphi, Chitumbuka chake chosakayikitsa. Anaseka n'kundiuza kuti iye anagona m'sitolo ya amalume ake miyezi isanu pa chifukwa chomwecho.

Amene anandiuza zoona popanda kuzungulira ndi bambo wina wachikulire ku Katawa. Ndinawapeza pakhonde akusoka nsapato ya mdzukulu wawo. Nditayankha funso lija, sanandinamize. Anandikhazika pa kampando n'kuyamba kuwerenga ndi zala. Mnyamata womaliza amene anamusunga anasamuka usiku ali ndi ngongole ya miyezi itatu, ndipo anazula ndi babu yomwe. Wina wa m'mbuyomo ankabweretsa akazi osiyanasiyana, mpaka tsiku lina mwamuna wa mmodzi wa akaziwo anafika pakhomopo ndi chikwanje. "Pano ndili ndi ana aakazi awiri, wina ali Fomu 3. Komanso pano timasinthana kusesa pabwalo ndi kutsuka chimbudzi. Tsiku lanu likafika asesa ndani, inu muli kuntchito?" Kenako anabaya singano pa nsapato ija n'kunena mawu amene sindinawaiwale: "Mwana wanga, munthu wa banja sathawa usiku. Ali ndi mipando, mbale, mwana kusukulu. Inu katundu wanu yense akwana pa njinga imodzi. Mukasowa ndikakufunsani kwa yani?"

Ndinachoka nditakwiya. Ndinkaona kuti akundilanga chifukwa cha milandu ya anthu ena, ndipo mpaka lero ndimaona kuti si chilungamo. Koma mkwiyowo unanditsekera makutu. Bamboyo anali atandipatsa yankho m'funso lake lomaliza, ine osalimva. Zinanditengera chaka ndi ndalama zambiri kuti ndilimve.

Lamlungu lina ndinayesa ku Luwinga, poganiza kuti kumene kuli ophunzira a ku yunivesite ya Mzuzu (Mzuni) anthu osakwatira sangawadabwe. N'zoona, kumeneko funso la banja kunalibe. Vuto linali lina. Malo ogona a pasukulupo sakwanira ophunzira onse, ndiye ambiri amakhala kunja, ndipo eni nyumba anazindikira kalekale kuti chipinda chimodzi chikalowa mabedi awiri osanjikiza, aliyense n'kumalipira payekha, chimabweretsa ndalama yoposa imene munthu mmodzi wa pantchito angapereke. Mayi wina anandiuza mosabisa kuti ndikafuna chipinda ndekha ndilipirire mitu inayi. Anthu m'tauni muno akuchuluka mofulumira. Kalembera wa 2008 anapeza anthu pafupifupi 134,000, wa 2018 anapeza opitirira 220,000. Mwini nyumba aliyense amadziwa kuti akakukana iwe, mawa kubwera wina.

Mu Julaye ndinatopa, ndipo kutopa ndi kumene kunandipereka kwa dobadoba. Ndinakumana naye pafupi ndi depoti, atandilozera wogulitsa mayunitsi wina. Anali mnyamata waukhondo, wa jekete lachikopa, wokamba Chichewa chosalala. Anati nyumba za mabachala ndiye ntchito yake. Poyamba anafuna K5,000 yoonetsera, komanso ndimulipirire njinga. Anandipititsa ku Chiputula, pa nyumba ya mdadada ya zitseko zinayi. Chipinda chinali chabwino: pansi pa simenti, zenera la galasi, magetsi, mpopi pabwalo. Munali katundu womangamanga m'makatoni, ndipo munthu amene anatitsegulira anati ndi mwana wa eni nyumba, makolo ake ali ku Mzimba ndipo zonse anasiyira iye. Lendi K20,000, miyezi itatu nthawi imodzi. Za banja sanafunse n'komwe, ndipo m'malo modabwa ine ndinasangalala. Dobadoba uja anandikokera pambali n'kunena kuti pali mphunzitsi wina akubwera madzulo ndi ndalama, ngati ndikufuna ndichite changu.

Ndinathamanga kukatapa K60,000 yonse imene ndinasunga, n'kuipereka pamanja. Dobadoba anatenganso K10,000 yake. Nditafunsa za lisiti anati buku lili ndi makolo, adzandipatsa tsiku lolowa. Anati ndibwere pa 1 Ogasiti, munthu wa katunduyo akadzakhala atachoka.

Pa 1 Ogasiti ndinafika ndi matiresi atsopano pa njinga. Chitseko chinali ndi loko wina. Kuseri kunatuluka mayi wonyamula beseni, ndipo nditalongosola anangoika besenilo pansi n'kugwira pakamwa. Iwo ndiwo anali eni nyumba, ankakhala kuseri komweko, sanapiteko ku Mzimba kulikonse, ndipo tsiku lija anali ku maliro. Amene anati ndi mwana wawo anali wa lendi amene anamuthamangitsa chifukwa cha ngongole. Ine ndinali munthu wachitatu kubwera ndi matiresi sabata imeneyo. Ndinaima pabwalopo, wa njinga akundidikira kuti ndimulipire, miyendo ili zii. Manambala onse awiri a foni anali osapezeka.

Kupolisi anandimvetsera bwino n'kulemba, koma anandifunsa mafunso amene anandichititsa manyazi. Dzina lenileni la munthuyo? Sindikulidziwa. Pepala lililonse? Palibe. Mboni? Dobadoba yemwe uja. Ndikanatumiza ndalamayo pa Airtel Money kapena Mpamba, bwenzi pali dzina ndi uthenga wosonyeza tsiku ndi ndalama. Ndikanagogoda chitseko choyandikana n'kufunsa kuti "eni nyumba ino ndani", mphindi ziwiri zokha zikanapulumutsa K75,000. Madobadoba oona mtima alipo, ndakumana nawo pambuyo pake, koma woona mtima sakana kuti ukumane ndi mwini nyumba, ndipo yake amalandira ukalowa. Munthu akakuuza kuti wina akubwera madzulo ndi ndalama, musiyeni wa madzuloyo atenge.

Kubwerera ku Chibavi ndi matiresi aja inali nthawi yowawa kuposa zonse. Alamu anangowayang'ana osanena kanthu. Usiku umenewo ndinalumbira kuti chipinda chilichonse chimene chingapezeke ndilowa.

Chinapezeka ku Salisbury Line, kufupi ndi dambo. K12,000 pamwezi, mwezi umodzi wokha poyamba, mwini wake ankakhala kutali ndipo analibe nazo ntchito kuti ndili ndi mkazi kapena ayi. Munalibe magetsi, madzi tinkagula pa kiosiki, chimbudzi chokumba chimodzi mabanja asanu. Ndinabwereka K15,000 kuntchito n'kulowa pakati pa Ogasiti. Kunali kouma, kafumbi kakuuluka, ndipo ndinadziona wamwayi. Ndinaona ndithu kuti khoma lili ndi mzere wakuda kuzungulira chipinda chonse, wofika m'mawondo, komanso kuti mabedi a anzanga oyandikana nawo anawakweza pa njerwa. Sindinafunse. Akuluakulu amati safunsa anadya phula.

Mvula itayamba mu Disembala ndinadziwa tanthauzo la mzere uja. Kumalo kumeneko madzi ali pafupi kwambiri pansi pa nthaka. Sankalowera pakhomo pokha, ankatuluka m'simenti momwe ngati thukuta. Matiresi anga, amene ndinkayala pansi, anayamba kununkha chuku, nsapato zanga za kutchalitchi zinamera nkhungu yobiriwira, zikalata zanga za sukulu zinamatana. Usiku wina mu Januwale ndinadzuka nditamva kuzizira kumsana, ndikuti ndipapase foni dzanja linalowa m'madzi. Ndinakhala pa ndowa yovundikira mpaka kucha, chikwama chili pamiyendo. Kutacha tinapeza chimbudzi chasefukira, zonse zili pabwalo pamene ana amasewera. Imeneyo inali nthawi imene kolera inali itavuta dziko lonse, ndiye aliyense akangomva m'mimba kulira, mtima unkaima. Anzanga anandiuza kuti zimenezo n'zochepa, mu Epulo 2016 mvula inagwetsa nyumba zambiri m'tauni muno, anthu n'kukagona m'masukulu ndi m'matchalitchi.

Ndinadwala chifuwa masabata atatu, ndinajomba kuntchito masiku anayi n'kudulidwa malipiro, matiresi a K38,000 ndinawataya. Mukamaona chipinda ku Mzuzu nthawi ya chilimwe, yang'anani m'munsi mwa khoma, nunkhizani m'makona, kaoneni chimbudzi musanaone pogona, ndipo funsani woyandikana naye mmene pamakhalira mu Malichi ndi Epulo, pakuti kuno mvula imachedwa kusiya. Chipinda chikatchipa kwambiri ndipo mwini wake osafunsa funso lililonse, pali chimene akudziwa.

Tsopano ndifike pa chinthu chimene ndimachita nacho manyazi. Mu Febuluwale 2023 ndinamva za boyizikota ku Katoto, kuseri kwa nyumba ya mayi wina wamasiye wopuma pa ntchito ya uphunzitsi. Malo okwera, ouma, mpanda wa njerwa, magetsi ndi madzi zilipo. K35,000 pamwezi, miyezi iwiri poyamba, kuphatikizapo K35,000 ya chikole yodzabweza potuluka. Inali yoposa mphamvu zanga, koma nditakumbukira ndowa ija ndinati bola ndizidya bonya mwezi wonse. Funso litabwera, pakamwa panga panayankha pasanafunse mutu: "Akazi anga ali kumudzi, mayi, abwera akakolola."

Ndinalowa. Bodza lija linayamba kufuna chakudya tsiku ndi tsiku. "Amayi a kunyumba ali bwanji?" "Ali bwino, akupereka moni." Meyi atafika: "Kodi sanamalize kukolola?" Ndinati akudwazika agogo. Juni: ndinati ali ndi pakati, sangayende ulendo wautali. Mayi aja anasangalala mpaka anandipatsa chitenje kuti ndikawatumizire. Ndinachilandira ndi manja awiri, ndikumva ngati ndameza mwala. Chitenjecho chinakhala pansi pa chikwama changa, ndipo nthawi iliyonse ndikachiona chakudya chinkandikanika.

Panalinso nkhani ya magetsi. Mita inali imodzi, ya kunyumba yaikulu, ndipo tinagwirizana pakamwa kuti ndizipereka K5,000 ya mayunitsi pamwezi. Mayunitsi akatha msanga maso onse ankayang'ana kwa ine, kuti mwina ndikuphikira hotipuleti usiku. Ine ndinali ndi babu imodzi, tchaja ya foni ndi mbaula ya makala, pomwe kunyumba yaikulu kunali firiji, ayironi ndi adzukulu oonera TV tsiku lonse. Koma poti ndinali ndi mlandu wanga mumtima, sindinkatha kutsutsa. Ndinkangowonjezera K2,000, mwezi wina K3,000. Za mita imodzi muzikambirana musanalowe: ndani ali ndi zipangizo zanji, aliyense apereka zingati, ndipo zilembedwe.

Mu Julaye amayi anga anabwera kudzandiona, ulendo wawo woyamba kumpoto. Ndinakonza zowachenjeza tikangofika, koma basi inachedwa, tinafika usiku ndipo anagona atatopa. M'mawa ndili kubafa ndinamva moni panja, amayi awiri akudziwana. Kenako ndinamva: "Nanga apongozi anu aja akupeza bwanji? Masiku ayandikira?" Kunakhala chete pang'ono. Ndiye mawu a amayi anga, omveka mpaka kumsewu: "Apongozi ati? Uyu? Ndakhala ndikumuuza zaka zitatu kuti apeze munthu, akukana!"

Ndinakhalitsa m'bafamo mpaka madzi anazizira. Nditatuluka, eni nyumba sanakalipe. Anangoti, "Aphiri, mukanandiuza zoona mwina ndikanakana, mwina ndikanalola. Koma munthu wondinamiza miyezi isanu pakhomo panga, n'kulandira ndi chitenje chomwe, sindingagone naye mpanda umodzi. Mwezi ukatha mupeze kwina." Ndinabweza chitenje chija chili chipindire. Ya chikole anadulapo K20,000, ati ya penti ndi magetsi, ndipo popanda pepala lililonse, komanso ndi nkhope imene ndinali nayo, ndikanatsutsa bwanji? Amayi anga sanandiyankhule tsiku lonse. Madzulo ndi pamene anati, "Ndinakulera ine kuti uzikwatira akazi a m'maloto?"

Anzanga ambiri amachita bodza limeneli, ena mpaka kubwereka mlongo kapena chibwenzi kuti akaonekere tsiku lokaona nyumba. Ena zimawayendera. Koma dziwani kuti ukanama umakhala wa lendi wopanda pakamwa. Denga likadontha sudandaula, akakuwonjezera ndalama suyankha, chifukwa ukuopa kuti nkhani ingatalike n'kufika pa mkazi uja.

Nditatsala ndi masabata atatu, ndinachita chimene ndinayenera kuchita chaka chathunthu m'mbuyomo: ndinauza anthu. Nthawi yonseyi ndinkabisa mavuto anga kuntchito ndi kutchalitchi, poopa kuoneka wolephera. Tsiku limenelo pashopu panabwera mmisiri wina womanga nyumba, bambo wachikulire amene ankagula simenti kwa ife pafupifupi sabata iliyonse. Nthawi ina anaiwala chenji cha K8,000 pakauntala ndipo ndinamusungira mpaka atabweranso. Tikukweza matumba m'galimoto anandifunsa chifukwa chimene ndinali wokhumata, ndipo ndinamuuza zonse, ndi za chitenje zomwe. Anaseka mpaka kutsamira galimoto. Atatha anati, "Iwe, amisiri ndife timadziwa nyumba isanafoleredwe n'komwe. Loweruka ukaweruka undipeze."

Ananditengera ku Zolozolo kwa bambo wina amene anawamangira zipinda zitatu kuseri kwa nyumba yawo. Funso linabwera monga mwa masiku onse, ndipo ndinayankha kuti sindinakwatire. Bamboyo anayamba kupukusa mutu, koma mmisiri uja analowererapo: "Adada, uyu ndi mwana wanga. Amagwira ntchito pa shopu imene ndimagula simenti yanu ija. Akakuvutani musamufune iye, mundifune ine." Anayankhulana pang'ono m'Chitumbuka, ine ndikungomva "yewo, yewo". Kenako bamboyo anandifunsa kumene ndimapemphera, dzina la abwana anga ndi nambala ya amayi kumudzi. Ndinapereka zonse, ndi fotokope ya chiphaso cha unzika. Pamenepo ndi pamene ndinakumbukira bambo wa nsapato wa ku Katawa. Mukasowa ndikakufunsani kwa yani? Chimene ankafuna chinali munthu woti akamugwire, ndipo ine ndinapita makomo onse aja ndekhandekha ngati wogwa kumwamba.

Ulendo uno ndinapempha kuti tilembe. Tinang'amba pepala m'kope la mdzukulu wawo n'kulemba kawiri: lendi K28,000 pamwezi, yolipira pofika pa 5, madzi K3,000, magetsi tigawana zitseko zitatu mofanana ndipo palibe wophikira magetsi, wofuna kutuluka kapena kutulutsa mnzake anene mwezi umodzi usanathe, lendi ikafuna kukwera anene miyezi iwiri isanakwane. Iwo anawonjezera zawo: geti amatseka 9 koloko usiku, mlendo wogona adziwike, Lachitatu ndi tsiku langa losesa ndi kutsuka chimbudzi. Tinasaina tonse, mmisiri uja n'kusaina ngati mboni. Lendi ndimatumiza pa foni ndipo mauthenga ake sindifufuta.

Pepala limeneli linagwira ntchito msanga. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, ndipo eni nyumba ambiri anakweza lendi mwezi womwewo. Bambo aja anabwera kudzanena kuti kuyambira Disembala ndi K40,000. Ndinatulutsa pepala lija mwaulemu, tinakhala pansi, ndipo tinagwirizana K35,000 kuyambira Febuluwale. Sanakondwe kwenikweni, koma siginecha inali yawo.

Sindikunena kuti kuno n'kumwamba. Ku Zolozolo n'kotalikirapo, ndipo masiku a mvula ndikalephera kuyenda wapansi njinga imandidya ndalama imene sindinaiwerengere polowa. Geti la 9 koloko landigonetsapo kwa mnzanga kawiri. Ndipo Lachitatu loyamba nditatuluka ndi tsache 5 koloko m'mawa, amayi a zitseko zinazo anaima pakhomo kundionerera ngati kwabwera gule, wina mpaka kuitana mnzake.

Nditakhala pansi n'kuwerengera zimene ndinataya m'miyezi 15 imeneyo, zinali motere: K75,000 kwa dobadoba ndi mnzake, K38,000 ya matiresi, K20,000 ya chikole, pafupifupi K15,000 yodulidwa kuntchito ndi yogulira mankhwala, kuwonjezapo ya njinga zosamutsa katundu katatu ndi mayunitsi amene sindinagwiritse ntchito. Zonse pamodzi zinapitirira K160,000, malipiro a mwezi umodzi ndi theka. Ubale wanga ndi mnzanga wa ku Chibavi unazilalanso, ndipo zinatenga nthawi, ndi nkhuku imodzi imene ndinapititsa kwa alamu pa Khirisimasi, kuti tiyambenso kuchezerana momasuka.

Mwezi wathawu chipinda chapakati chinatsala chopanda munthu. Pashopu pathu pali mnyamata wina wa ku Ntcheu amene wangoyamba kumene ntchito, ndipo ndinazindikira kuti akugona pabalaza pa msuweni wake ku Chiputula chifukwa malaya ake ankabwera opindikapindika tsiku lililonse. Ndinamuyang'anitsitsa masabata angapo, mmene amagwirira ndalama za kauntala ndi mmene amayankhulira ndi anthu. Loweruka lapitali ndinapita naye kwa bambo aja. Atamufunsa kuti banja lili kuti, mnyamatayo anandiyang'ana, ndipo ndinaona bodza likubwera pamilomo pake. Ndinamuponda chala n'kuyankha ndine: "Sanakwatire, adada. Akakuvutani mundifune ine." Bamboyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anati tsiku lake losesa likhala Lachisanu.